Makalata a Atate Athu Si Cakudya ca Ciswe

Abale athu owerenga, pali mau awiri amene timawamva kawirikawiri pakumwalira mtumiki wa Mulungu, ndipo ife titsutsana nao onse awiri. Ena amati, Munthu wapita, mapepala ace athandizanji? Tsono bokosi lace alikankhira kuseri kwa citseko, ciswe cilowamo, ndipo mapepala otsala ana akolezera moto, akuru napicira fodya. Koma ena amati, Tisunge zokoma zokhazokha, ndi zimene zingamcititse manyazi tizitenthe. Oyambawo ndiwo aulesi. Enawo ayesa kuti acita cikondi, koma akupha coonadi. Kuti mlanduwu umveke bwino, taitana mboni yocokera kutali, ndiye Alexander Crummell, wansembe wakuda wa mpingo wa Episcopal ku America.

Munthuyu anabadwa ku New York pa 3 March, 1819. Atate wace, Boston Crummell, anagwidwa ali mnyamata ku Africa ya kumadzulo, nagulitsidwa ukapolo, koma pambuyo pace anakhala mfulu. Mwanayo anali ndi ludzu la maphunziro, ndipo m'caka ca 1835 analowa sukulu ya Noyes Academy ku Canaan, m'dera la New Hampshire, kumene ana akuda ndi oyera anaphunzira pamodzi. Anthu a kumeneko anaipidwa naco cimeneci, nasonkhanitsa ng'ombe zambiri, nazimangirira ku nyumba ya sukuluyo, naikoka kuicotsa pamalo pace. Iye sanabwerere m'mbuyo, koma anakaphunzira ku Oneida Institute. M'caka ca 1839 anapempha malo ku General Theological Seminary, sukulu ya ansembe a mpingo wace womwe, ndipo anamkaniza cifukwa ca khungu lace. Ngakhale anatero, anadzozedwa udikoni mu 1842, ndi unsembe mu 1844. Bishopu wa ku Philadelphia anati adzamlandira akalonjeza kuti sadzapempha mpando pa msonkhano waukuru wa mpingo. Crummell anakana kugula nchito ndi ulemu wace.

Pamenepo anaoloka nyanja kunka ku England, naphunzira ku Queens' College, ku Cambridge, natsiriza mu 1853. Caka comweco anapita ku Liberia, kumene anagwira nchito ya Mulungu zaka zoyandikira 20. Potsegulidwa Liberia College ku Monrovia, anaikidwa mphunzitsi wamkuru wa nzeru za makhalidwe ndi wa Cingelezi, pamodzi ndi Edward Wilmot Blyden, kufikira 1866, pamene anacotsedwa atakangana ndi akuru a sukuluyo. Atabwerera ku America anayambitsa mpingo wa St. Luke's ku Washington, nauweta kufikira 1894. Mu ukalamba wace anaphunzitsa ku Howard University, ndipo mu 1897 anakhazikitsa American Negro Academy, bungwe la anthu akuda ophunzira. Anamwalira pa 10 September, 1898.

Tsono tifunsa aulesi aja: zonsezi tazidziwa bwanji ife, okhala kutsidya lino la nyanja, patapita zaka zoposa 120? Kodi anatiuza ndi mphepo? Iai, koma cifukwa munthuyo analemba, ndipo ena anasunga. Anasiya mabuku atatu: The Future of Africa la 1862, The Greatness of Christ la 1882, ndi Africa and America la 1891. Makalata ace ndi maulaliki mazana olembedwa ndi dzanja lace asungidwa ku Schomburg Center, nyumba ya mabuku ya ku Harlem mu New York. Iwo amene anakoka sukulu ndi ng'ombe anayesa kuti atseka pakamwa pa mwana wakuda. Koma lero maina ao aiwalika, pamene mau a mwanayo awerengedwabe. Mau a akuru akoma akagonera. Koma adzagonera kuti ngati pogona pao ndi m'mimba mwa ciswe?

Koma mlandu wolemera uli ndi iwo ofuna kusunga zokoma zokha. Mverani, pakuti sitidzakubisirani kanthu. M'caka ca 1860, ali ku Cape Palmas, pakati pa mtundu wa Grebo, Crummell analankhula pa msonkhano za cinenero ca Cingelezi m'dziko la Liberia. Anatama Cingelezi monga mphatso ya Mulungu ndi cinenero ca ufulu. Koma zinenero za eni dziko anazipeputsa, nanena kuti ziri zosauka, zosatha kusenza maganizo akuru a cilungamo, a malamulo ndi a Mulungu. Mau amenewa atilasa mumtima. Munthu amene ananyozedwa cifukwa ca khungu lace, iye yemweyo ananyoza lilime la makolo ace. Ndipo mauwo anawasindikiza m'buku lace la 1862, ndipo alimo kufikira lero.

Kodi kukadakhala bwino wina wakumkonda akadang'amba masamba amenewo? Ife titi, Kutalitali! Coyamba, cifukwa mbiri yosendedwa makungwa iri bodza, ngakhale mau ace onse otsalawo ali oona. Buku Lopatulika silibisa cimo la Davide, kapena kukana kwa Petro, kapena kutsutsana kwa Paulo ndi Barnaba. Kodi ife tiri ndi cifundo coposa ca iwo amene analemba zimenezo? Caciwiri, cifukwa colakwa cosungidwa cikhoza kuyankhidwa, koma cobisika cimera m'mdima. Popeza mau a Crummell alipo, tikhoza kuwaika pa bwalo ndi kuitana mboni zina. M'masiku omwewo Samuel Ajayi Crowther, amene naye anagwidwa ukapolo ali mnyamata, analikumasulira Mau a Mulungu m'cinenero ca Yoruba, ndipo mu 1864 anadzozedwa bishopu. Ifenso kuno tiri nalo Buku Lopatulika lonse m'cinenero cathu kuyambira 1922, ndipo agogo osadziwa liu limodzi la Cingelezi amva za cilungamo ndi cisomo, natha kuzifotokozera adzukulu ao. Crummell analakwa, ndipo tinena cimeneci poyera, ndi m'lilime lomwelo limene iye akadaliyesa losauka.

Cacitatu, colakwaco citicenjeza ife tomwe. Iye sanalakwe cifukwa ca kudana ndi Africa, pakuti anaipatsa zaka za mphamvu yace. Analakwa cifukwa anayesa abale ace ndi muyeso wa aphunzitsi ace, naweruza zinenero zimene sanazidziwe bwino. Kodi nthenda iyi inatha? Siticedwa kumuona mnyamata wobwera kusukulu akucita manyazi ndi malankhulidwe a amai ace. Ngati munthu wolimba mtima ngati Crummell anagwa m'mbuna yomweyi, ndani wa ife adzati, Ine sindingagwemo?

Onani kusiyana kwace. M'caka ca 1903 W. E. B. Du Bois analemba mutu wonse wa kumtama m'buku lace, The Souls of Black Folk, nadandaula kuti dziko silinamdziwe. Kukadatsala citamando cokhaco, tikadakhala ndi cifanizo cokongola, cosapuma mpweya. Koma mu 1989 Wilson Jeremiah Moses, atafufuza makalata aja, analemba mbiri yoonetsa munthu yense: wolimbika, wanzeru, komanso wouma khosi ndi wosacedwa kukangana. Munthu wotere tikhoza kuphunzira kwa iye, pakuti afanana nafe.

Kapena wina adzati, Ameneyo anali wa ku Cambridge. Mphunzitsi wa kwathu analemba m'kabuku ka ana a sukulu cabe. Mbale, pepala siliyesedwa ndi sukulu ya mwini wace. M'kabukuko muli maina a obatizidwa oyamba a mudzi wanu, zaka za njala, milandu imene akuru anaweruza, ndi maulaliki amene anatembenuza atate anu. Zimenezi sizilembedwa m'buku lina liri lonse pa dziko lapansi. Kabukuko kakatayika, palibe nyumba ya mabuku ku New York kapena ku London imene idzakubwezerani.

Cifukwa cace tikupemphani, akuru a mpingo ndi inu ana a atumiki amene anagona: tsegulani mabokosiwo mwezi uno, mvula isanadze. Kutumulani fumbi, yanikani mapepala pamthunzi, muwaike m'bokosi lacitsulo pamwamba, kutali ndi khoma ndi denga lodontha. Wodziwa kulemba bwino akopere zimene ziyamba kufufutika, nalembe dzina la mwini ndi caka cace. Ndipo mukapeza tsamba limene likucititsani manyazi, musaling'ambe ai. Lisungeni pamodzi ndi anzace, kuti adzukulu athu adzadziwe atate ao monga analiri, nadzalemekeze Iye amene agwira nchito yace ndi zotengera zadothi.