Matemba a ku Cahora Bassa: Kodi Zombo Zichepetsedwe Nsomba Zisanathe?

NTENGO-WAMBALAME - Kuno ku Tsangano kulibe nyanja. Kuli mapiri, minda ya mbatata ya kachewere, tirigu ndi kabichi. Komabe pa tsiku la msika, mayi akagulitsa mbatata yake sabwerera kumudzi wopanda mulu wa usipa kapena wa matemba. N'chimodzimodzi ku Furancungo ndi m'midzi ya alimi a fodya a ku Macanga. Nyama imadyedwa patalipatali, ndipo ndiwo imene imalimbitsa ana m'miyezi ya dzinja ndi kansomba kouma aka. N'chifukwa chake nkhani ya zombo zopha kapenta pa nyanja ya Cahora Bassa ndi nkhaninso ya anthu a m'malire muno.

Usipa umachokera ku nyanja ya Niassa, ndipo wambiri umalowa kudzera m'misika ya ku Ntcheu ndi Dedza. Kapenta, amene ambiri amangomutcha matemba, ndi wa m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. Koma kwawo kwenikweni ndi ku nyanja ya Tanganyika. Mu 1967 ndi 1968 akatswiri adamutenga kumeneko n'kukamuthira m'damu la Kariba. Kuchokera uko adatsika yekha ndi mtsinje wa Zambezi, ndipo damu la ku Songo litatsekedwa mu 1974, adapeza nyanja yatsopano n'kuswana. Nthawi ya nkhondo adangokhala osagwidwa kwenikweni. Usodzi wa zombo udakula mtendere wa 1992 utabwera, zaka zomwezo zimene anthu a kuno ankabwerera kuchoka kothawira ku Malawi.

Kaphedwe kake n'kosiyana ndi ka bwato ndi mbedza. Chombo chimapita pakati pa nyanja usiku, chimayatsa nyali zowala kwambiri, kapenta n'kusonkhana pa kuwalako. Kenaka ukonde waukulu wozungulira umakwezedwa kuchokera pansi. M'mawa nsombazo zimathiridwa mchere n'kuyanikidwa pa thandala. Zikauma zimalongedwa m'matumba, zina za misika ya m'dziko muno, zina za ku Zimbabwe, Zambia ndi Congo. Ntchitoyi imadyetsa mabanja ambiri ku Mágoè, Marávia ndi Cahora Bassa, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti ithe.

Funso ndi la kuchuluka kwa zombo. Chenjezo lili pafupi, ku Kariba komwe kudachokera kapenta. Mu 1999 maiko a Zambia ndi Zimbabwe adagwirizana kuti pa nyanja yonseyo pakhale zombo 500 basi: 275 za Zimbabwe ndi 225 za Zambia. Panganolo silidasungidwe. Pofika zaka za m'ma 2010 zombo zidapitirira 1,000. Chotsatira chake, chombo chilichonse chidayamba kubwerako ndi nsomba zochepa, mafuta akuthera pachabe, mtengo pamsika n'kukwera. Pofuna kubweza ndalama zawo, ena adayamba kuba nsomba m'madzi osaya ndi m'matsiriro a mitsinje, momwe muli mokulira tiana ta kapenta.

Apa ndiye pagona nkhani. Kapenta sakhala zaka zambiri. Amakula n'kuyamba kuswana asanathe chaka. Akapatsidwa mpata amabwereranso msanga. Koma tiana take tikamakokoledwa, makamaka ndi maukonde a udzudzu amene adaperekedwa kuti ateteze anthu ku malungo, mbewu ya chaka chamawa imathera mu mphika wa lero. Mlimi wa mbatata amazidziwa bwino zimenezi: wadya mbewu, wadya munda.

Palinso za mvula. Chakudya cha kapenta chimadalira zimene mitsinje imakokolola n'kuthira m'nyanja. Chilala cha 2024 chidatsitsa kwambiri madzi ku Kariba ndi ku Cahora Bassa komwe. Chaka chotere zombo zimene nyanja ikadazipirira pa chaka chabwino zimasanduka katundu wolemera.

Maiko akutali adalawa kale zowawa zimenezi. Ku Ulaya kuli nsomba yotchedwa herring, mbale wake wa kapenta koma wamkulupo. Zombo zamakina zidaipha mopyola muyeso mpaka mu 1977 usodzi wake udatsekedwa m'nyanja ya North Sea. Padapita zaka zingapo asodzi ali manja lende, mafakitale atatseka, nsombayo isanabwerere. Kufupi kuno, chambo chidatha pa nyanja ya Malombe ku Malawi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Koma pa chilumba cha Mbenji ku Salima, Mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula iliyonse kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo malowo amatchuka ndi nsomba mpaka lero. Kusiyana kwake sikuli pa lamulo lolembedwa, kuli pa anthu olisunga.

Dziko la Mozambique lili nalo lamulo la usodzi la mu 2013, ndiponso makomiti a asodzi a m'midzi otchedwa CCP. Zofunika n'zodziwika: chiwerengero cha ziphaso chigwirizane ndi zimene nyanja ingathe, malo oswanirana asalowemo chombo, ndipo oyendera akhale ndi boti ndi mafuta ofikira usiku kumene nyali zikuyaka. Eni zombo anganene kuti kuchepetsa ziphaso n'kuchotsa anthu ntchito. N'zoona ndithu, ena adzavutika. Koma za ku Kariba zaonetsa kuti kuchuluka kwa zombo sikuchulukitsa nsomba, kumangogawa umphawi.

Nawo anthu a m'malire ali ndi mbali yawo. Ogulitsa amene amakapikula matumba angathe kukana tinsomba tosakhwima, tija timangonyenyeka ngati gaga. Ogula nawo aziyang'ana kukula kwa temba, osati kutalika kwa mulu kokha. Ndipo akuluakulu a chigawo akabwera kudzachititsa msonkhano ku Tsangano kapena ku Macanga, pambali pa feteleza ndi misewu, afunsidwenso kuti zombo za ku Cahora Bassa zilipo zingati ndipo amaziwerenga ndani. Madzi akatayika saoleka.