TISONKHE YA BASI TISANASONKHE YA BOKOSI

Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, ndi inu nonse ogwira ntchito m'Boma: sabata ino tifuna kulankhula za abale athu odwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu aja otchedwa chemotherapy, makamaka a kwa Mzimba Boma ndi a kummwera konse, ku Embangweni, Jenda, Champhira, Khosolo ndi Mabulabo.

Nthenda imeneyi si yachilendo. Malaŵi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri koposa, ndipo ya kummero ndi ya pakhungu yotchedwa Kaposi nazonso zafala. Boma silinagone. Katemera wa HPV wa asungwana anafika m'dziko lonse mu 2019, ndipo mu 2025 chipatala cha khansa cha ku Lilongwe chinatsegulidwa ndi makina ootchera chotupa, chithandizo chimene kale odwala ankachitsata ku India ndi maiko ena. Koma makina sanyamula munthu kumudzi.

Munthu akapimidwa pa chipatala cha Mzimba, cha Embangweni kapena cha Katete, kawiri-kawiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu kapena cha Kamuzu Central. Kuchokera pa Boma kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 100, ndipo wa ku Khosolo amakhala atatopa kale asanauone n'komwe msewu wa M1. Ulendowo si umodzi ai. Mankhwalawa amaperekedwa m'zigawo, nthawi zambiri pakapita milungu itatu iliyonse, kwa miyezi ingapo. Asanamuike dripu amayamba amuyeza magazi, ndipo akapezeka ochepa amamuuza kuti adzabwerenso. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, wodwala ndi gadiyani wake, pamodzi ndi ufa, ndiwo ndi nkhuni zophikira.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Ulendo woyamba abale amasonkha mokondwa. Wachiwiri agulitsa mbuzi. Wachitatu tsitsi lathothoka, wodwala akusanza, m'kamwa muli zilonda, ndalama yatha, ndiye anzeru za m'mudzi ayamba kunong'ona kuti mankhwala a kuchipatala akumutsiriza, kuli bwino apite kwa sing'anga. Abale athu, bodza limeneli laika anthu ambiri m'manda. Mankhwalawa amakantha tizigawo ta thupi timene timachulukana msanga. Khansa ili m'gulu limenelo, komanso mizu ya tsitsi, khungu la m'kamwa ndi la m'matumbo, ndi mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi. N'chifukwa chake munthu amafooka. Tsitsi limameranso mankhwala akatha. Koma chotupa chikasiyidwa pakati chimaphukanso, ndipo kachiwiri sichimva mankhwala msanga. Khansa ya ana yotupitsa nsagwada, ija Dr. Denis Burkitt anailongosola mu 1958, imatha kuchizika ndi mankhwala omwewa mwana akawatsiriza onse.

Tsono katundu yenseyu akusenza ndani? Tinene zoona: ndi mayi mmodzi, mlongo kapena gogo, amene wasiya munda wake osapalira. Amuna ambiri a kuno ali ku Joni. Sitikuwanyoza, pakuti nyumba za malata ndi magalimoto amene tikuwaona kuchokera pa Jenda mpaka ku Edingeni ndi thukuta lao. Koma mwana wa Mngoni amene atha kutumiza ya simenti athanso kutumiza ya basi ya amayi ake pa tsiku lake, osati kudikira lamya ya maliro ndi kubwera ndi bokosi lonyezimira.

Ifenso a m'maofesi tili ndi mlandu womwewo. Pepala la chipepeso likazungulira, aliyense apisa m'thumba, galimoto lipezeka, ndipo bwana asaina tchuthi osafunsa. Koma kalaliki akapempha masiku awiri kuti aperekeze mkazi wake ku Mzuzu, amayang'anidwa ngati wothawa ntchito. Akulu a maofesi aganizepo bwino. Tsiku la dripu limadziwika milungu itatu lisanafike, choncho ntchito ingathe kukonzedwa popanda chosokonekera.

Kwa apampando a nthambi, amayi a Chipani ndi achinyamata, ntchito ndi iyi. Dziwani khomo limene muli wodwala, ndipo ngati mwini wake walola, lembani tsiku lake lopita kuchipatala monga mulembera tsiku la msonkhano. Ngati sanalole, sungani pakamwa. Nthenda ya munthu si nkhani ya pachitsime. Sinthanani pa ugadiyani, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anyamata akalime munda wa gadiyaniyo. Ndipo pasapezeke wofunsa kuti banja limeneli linavotera yani. Mtsogoleri wochita zimenezo achititsa Chipani manyazi.

Wosamalira wodwala adziwenso izi. Khansa si yopatsirana; musampatulire mbale kapena mphasa. Mpatseni chakudya chofewa pang'ono-pang'ono, phala, nthochi, mazira ophika bwino, ndi madzi owiritsa. Sambani m'manja, ndipo wa chifuwa asamuyandikire, chifukwa pakapita sabata imodzi kapena ziwiri chilandirireni mankhwala, chitetezo cha m'thupi chimatsika zedi. Thupi likatentha masiku amenewo, musati ndi malungo wamba ndi kungogula panado pa golosale: thamangirani naye kuchipatala chapafupi usiku womwewo, mutanyamula buku lake la kuchipatala. Zitsamba musasakanize mobisa, muuzeni dokotala. Ululu ukakula pemphani mankhwala oletsa ululu, kuphatikizapo morphine. Kubuula usiku wonse si chamuna.

Pa msonkhano wa nthambi wa mwezi uno, alembi aike nkhaniyi pa ndondomeko, ndipo msungichuma abwere ndi kope lapadera la ndalama ya basi.