Mwana wobadwira ku Joni, mkamwini wa ku Mozambique: malamulo a unzika akuti chiyani?

M'midzi yambiri ya ku Machinga ndi ku Balaka, nkovuta kupeza banja lopanda mbale amene ali ku South Africa kapena kutsidya la malire ku Mozambique. Kuchokera ku Ntaja, Nsanama ndi Ulongwe, achinyamata amapita ku Joni kukasaka ganyu, ndipo ena amabwerako ndi ana obadwira komweko. Kummawa kwa Machinga, cha ku Nayuchi ndi m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, anthu amakwatirana ndi anzawo a m'boma la Mecanhelas, poti chiyankhulo ndi mtundu nchimodzi. Vuto limaonekera pamene mwana wa m'banja lotere wakwanitsa zaka 16 nkukafuna chiphaso cha unzika, koma alibe pepala lotsimikiza kumene anabadwira ndi amene anamubereka.

Chiphasochi tsopano nchofunika pafupifupi paliponse. Chiyambire kalembera wa mu 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni, munthu wopanda chiphaso amavutika kutsegula akaunti kubanki, kulembetsa nambala ya foni, kugula feteleza wotsika mtengo, kutenga pasipoti ngakhalenso kulembetsa m'kaundula wa chisankho.

Lamulo la unzika la 1966 silipereka unzika chifukwa chongobadwira m'Malawi. Mwana wobadwira m'dziko muno amakhala nzika ngati mmodzi mwa makolo ake ndi Mmalawi. Wobadwira kunja amakhalanso nzika ngati bambo kapena mayi ake ndi Mmalawi mwa kubadwa. Choncho mwana amene mayi wa ku Chikweo anaberekera ku Johannesburg ndi Mmalawi kuyambira tsiku limene anabadwa. Chimene chimasowa ndi umboni. Makolo ambiri amene akukhala ku South Africa popanda chilolezo amaopa kupita kumaofesi a boma kukalembetsa mwana, kuopa kumangidwa nkutumizidwa ku Lindela, malo osungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Mwanayo amabwera ku Malawi ndi khadi la kusikelo lokha, nthawi zina ngakhale khadilo litasowa panjira.

Dziko la South Africa nalonso silipereka unzika kwa mwana wa alendo chifukwa chongobadwira kumeneko. Lamulo lawo limalola mwana wotere kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, pokhapokha ngati wakhala m'dzikomo moyo wake wonse ndipo kubadwa kwake kunalembedwa m'kaundula. Mwana amene sanalembedwe kumeneko, ndipo sanalembedwenso kuno, ndiye amatsala pakati. Makolo amene ali kunjako angathe kupempha uphungu ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ya ku Johannesburg, kapena kumabungwe monga Lawyers for Human Rights ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town, amene amathandiza alendo pa nkhani za makalata. Ayeneranso kudziwa kuti Mmalawi amaloledwa kucheza m'dzikomo masiku 30 popanda viza, ndipo wopitirira masikuwo angathe kuletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu, zomwe zimalekanitsa kholo ndi ana amene atsala.

Nkhani ya m'malire a Mozambique ili ndi gwero lake. Pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'Malawi, ndipo ena anakhazikika nkukwatira. Mwa mwambo wa chikamwini, mwamuna wochokera kutsidya amalandiridwa kwa mkazi, amapatsidwa munda ndipo mfumu imamuwerenga ngati munthu wake. Pamaso pa lamulo, munthu yemweyo amakhalabe mlendo wofunika chilolezo chokhalira m'dziko kuchokera kunthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka. Ukwati pawokha sumupatsa unzika, ayenera kupempha. Ana ake ndi Amalawi kudzera mwa mayi awo, ndipo gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa mayi wopeza ndi kusunga unzika wake. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo, kuphatikizapo womangidwa kumzikiti, kotero banja limene lasunga setifiketi ya ukwati wake limakhala ndi poyambira likamapempha chilolezo.

Mu December 2018, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika nkulola Amalawi a mwa kubadwa kapena a mwa makolo kukhala nzika za maiko awiri. Kale, mwana wa kholo la ku Malawi ndi la kunja ankayenera kusankha dziko limodzi akafika zaka 21. Kusinthaku kunakambidwa kwambiri ngati nkhani ya Amalawi ophunzira a ku Britain ndi America, chonsecho kukukhudzanso mwana wa ku Ngokwe amene bambo ake ndi a ku Niassa.

Funso lalikulu ndi la kumene munthu wakumudzi angapeze thandizo. Bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe linayamba ntchito mu 2015, linakhazikitsidwa kuti liziimirira ndi kulangiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo ofesi yake ya chigawo chakummawa ili ku Zomba. Koma maloya ake ndi ochepa, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa milandu yaupandu, ya malo ndi ya chuma chamasiye. Mpata umenewu ndi umene amalowerapo madobadoba olonjeza pasipoti kapena chidindo chamsanga. Chikalata chachinyengo chikadziwika, wopalamula amakhala mwini wake, ndipo pempho lake loona limadzavuta mtsogolo.

Zambiri mwa nkhanizi sizifuna bwalo lamilandu. Zimafuna munthu wodziwa kulozera banja ku ofesi ya NRB ya kwa DC, kulifotokozera za kalata ya mfumu ndi mboni zofunika polembetsa mwana amene wachedwa kulembedwa, ndi kuliuza kuti lisunge khadi la kuchipatala, ziphaso za makolo ndi setifiketi ya ukwati. Ntchito imeneyi alangizi a zamalamulo a m'madera angaikwanitse, atapatsidwa maphunziro a lamulo la unzika ndi thandizo la mayendedwe. Makhonsolo a Machinga ndi Balaka, pamodzi ndi NRB, nthambi yoona za olowa ndi kutuluka komanso Legal Aid Bureau, angachite bwino kumakonza masiku okakumana ndi anthu ku Nayuchi, Ntaja ndi Ulongwe, mafumu ndi mashehe alipo, kuti mwana azilembedwa akadali wamng'ono, makolo ndi agogo amene angamuchitire umboni akadali moyo.