ZA UMOYO WATHU: Mapazi M'nyengo ya Chiperoni

Makolo ndi achinyamata, ngakhale kuno ku Chigwa cha Shire nkotentha, mu June ndi July kumazizira mbandakucha. Ena akaponda m'madzi posodza kapena kudimba, zala za kumapazi zimayera, kenaka nkuderako ndi kuchita dzanzi. Si ufiti ai. Ndi nthenda imene Dotolo Maurice Raynaud wa ku France anaifotokoza mu 1862: timitsempha ta magazi timafinyika ndi kuzizira.

Musaothetse mapaziwo pamoto, pakuti phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Aviikeni m'madzi ofunda amene mwawayesa ndi chigongono, muwapukute bwino, nimuvale sokosi zouma. Fodya lekani. Pakabuka chilonda, fulumirani kuchipatala cha Nsanje, Chikwawa kapena Montfort ku Nchalo.