Dontho la oyilo pansi pa chiwongolero tisamalipeputse

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, alimi ambirife timadalira malole ndi mapikapu akalekale. Galimoto zimenezi ndizo zimatenga mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, zimatuta chimanga, soya ndi mtedza, ndipo pobwerera zimatinyamulira feteleza. Kawirikawiri mwini katundu amakhala pamwamba pa matumba akewo. N'chifukwa chake nkhani ya chiwongolero si ya amakaniko okha ayi. Ndi yathunso.

Tisanamizane, galimoto zakale sizichoka m'misewu mwathu lero kapena mawa. Kampani ya Bedford ya ku Britain idasiya kupanga malole akuluakulu mu 1986, ndipo Land Rover ya mtundu wa Series III idalekeka mu 1985, koma galimoto za msinkhu umenewu zikutumikirabe kumidzi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula lole yatsopano ndi maloto chabe kwa kalabu kapena kopaletivi yaing'ono. Choncho sitikunena kuti zakalezi zitayidwe. Tikunena kuti zisamalidwe, kuyambira pa chiwalo chimene chikalephera panjira dalaivala amangogwira njakata.

Kumunsi kwa ndodo ya chiwongolero kuli bokosi lachitsulo. Mkati mwake muli chitsulo cha mizere yozungulira ngati bawuti, chimene chimatembenuza shafti yotulukira kunja, ndipo shaftiyo imakoka mkono wokhotetsa matayala. Zitsulo zonsezi zimayenera kukhala m'mafuta. Pa galimoto zambiri zakale zopanda power steering, mafutawo ndi oyilo wa magiya wa nambala 90. Pamene shafti imatulukira pali mphira wotseka oyilo. Mphirawu ukakalamba umauma. Bushi yogwira shafti ikadyeka, shaftiyo imagwedera n'kuwononga mphira, ndipo fumbi la misewu yathu limakumba kangalande pa chitsulocho. Oyilo amadontha pang'onopang'ono mpaka bokosi kuuma. Injini ikasowa oyilo imayatsa nyali yochenjeza, koma bokosili limangokhala duu, zitsulo zikudyana mkati.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi njira zachidule zimene zafala. Ena amathira oyilo wakuda wotsitsa mu injini, yemwe ndi wopepuka komanso wodzaza litsiro. Ena amapakira girizi wolimba uja wa m'mabelingi. Kudontha kumathadi, koma girizi wotere zitsulo zimamukankhira m'mbali ndipo sabwereranso pamene pakukhulana. Bokosi limaoneka lodzaza pomwe mano ake ali gwaa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Enanso chiwongolero chikayamba kugwedera amangomanga sikulu ya pabokosi mpaka kuthina. Iwo amaiwala kuti zitsulozi zimadyeka kwambiri pakati, pamene galimoto imayendera molunjika. Mukamanga mopyola muyeso, chiwongolero chimakakamira pokhota ndipo sichibwerera chokha. Taganizani lole yodzaza mabelo itakakamira chotero potsetsereka pa Khwekhwerere kapena pa Chiweta.

Kakonzedwe koyenera n'kodziwika. Bokosi litsukidwe kuti paoneke pamene oyilo akutulukira. Mphira ndi bushi zisinthidwe pamodzi, popeza mphira watsopano pa shafti yogwedera sukhalitsa. Shafti yokumbika ivekedwe kachitsulo kopyapyala kopangidwira ntchitoyi kapena isinthidwe, osati kuiwotcherera. Ngati zipangizo zikuchedwa kupezeka, pali girizi wamadzimadzi wa nambala 00 amene amayenderera yekha kubwerera pa mano koma sadontha msanga. Ameneyu ndi wongodikirira, salowa m'malo mwa bushi. Ndipo galimoto ya power steering isalawe girizi ngakhale pang'ono, ili ndi mafuta akeake amene buku lake limatchula.

Tsono ife alimi tichitepo chiyani? Tikupempha komiti ya kalabu iliyonse kuti isanakweze thumba ngakhale limodzi, itume anthu awiri akaone zinthu zinayi izi:

1. Asuzumire pansi mbali ya dalaivala. Bokosi lonyowa, lomatirira fumbi lakuda, likudontha.
2. Apemphe dalaivala atsegule pothirira, aone ngati oyilo alimo wokwanira.
3. Galimoto itaima molunjika, agwedeze chiwongolero. Ku Britain, poyesa galimoto zazing'ono za bokosi lotere, salola kuti chiwongolero chiyende mopitirira mamilimita 75 matayala asanasunthe. Kumeneko n'kutalika kwa zala zinayi zogundana.
4. Aone tsiku lothera COF.

Tikudziwa chimene ena anene: malole ndi ochepa, ukakana imodzi fodya achedwa ku msika. N'zoona. Koma lole ikagwa m'phompho fodyayo safika n'komwe, ngongole ya feteleza imatsala, mwinanso pamudzi pamagwa maliro. Mlimi mmodzi akakana, mwini lole amangopita kwa wina. Makalabu khumi a dera limodzi akakana pamodzi, lole ija imalowa m'galaji mawa lomwe. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa eni galimoto tikuti mphira ndi bushi n'zotsika mtengo kuyerekeza ndi bokosi lathunthu, limene pa galimoto zakalezi ndi losowanso. Kwa a Road Traffic tikupempha kuti poyesa galimoto zonyamula mbewu aziunika bokosi la chiwongolero mofanana ndi mabuleki ndi matayala. Bungwe la TEVETA liganizire zophunzitsa amakaniko a m'matauni ang'onoang'ono kumasula ndi kukonza mabokosiwa, chifukwa ndi iwowo amene ali pafupi nafe. Boma nalo lipepuze msonkho pa zipangizo za chiwongolero ndi mabuleki, kuti kukonza kusamakhale kodula kuposa kunyalanyaza.

Alimi anzathu, ndalama ya mayendedwe imatuluka m'thumba mwathu. Wolipira ali ndi ufulu wofunsa. Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu, nkhaniyi iikidwe pa ndondomeko, ndipo asankhidwiretu anthu awiri oyendera lole mbewu zisanalowe m'matumba.