Nyumba ya lendi ngati penshoni: masamu amene akuvutitsa eni nyumba ku Berea

DURBAN: Pa 1 September 2024 dziko la South Africa linasintha malamulo a penshoni ndi kulola anthu apantchito kutapako ndalama zawo asanafike pa msinkhu wopuma. Malinga ndi dongosolo latsopanoli, ndalama zimene munthu amasonkha mwezi ndi mwezi zimagawidwa patatu. Gawo limodzi limalowa m'thumba limene angathe kutapamo kamodzi pa chaka, ndipo magawo awiri otsalawo amatsekeredwa kufikira atapuma pa ntchito. M'miyezi isanu yoyamba yokha anthu anatapa ndalama zopitirira R40 biliyoni, malinga ndi bungwe lotolera misonkho la SARS.

Ndalama zimene munthu mmodzi ankatapa zinali zochepa, zosakwana n'komwe kugulira nyumba. Koma liwiro limene anthu anathamangira nalo ku thumbalo linaonetsa poyera kuti mabanja ambiri alibe pena podalira, ndipo linadzutsa funso lakale lakuti munthu adzadya chiyani akadzakalamba. Boma limathandiza okalamba kuyambira zaka 60, koma ndalamayo imangopitirira pang'ono R2,000 pa mwezi, ndipo imaperekedwa kwa nzika, kwa alendo amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndi kwa othawa kwawo ovomerezeka basi.

Kwa anthu ambiri a malipiro apakatikati, yankho limene limabwera msanga ndi kugula nyumba yachiwiri, kulowetsamo banja lolipira lendi, ndi kusiya lendiyo kuti izibweza ngongole ya kubanki kufikira nyumbayo itayamba kudyetsa mwini wake. Dera la Berea mu mzinda wa Durban likuonetsa kuti njira imeneyi ndi yotheka, koma kuti nyumba yotere imakhala bizinesi ya kasitomala mmodzi, imene phindu lake limadalira zinthu zambiri zimene mwini nyumba sangazilamulire.

Chifukwa chake Berea imakopa ogula

Berea ndi chitunda chachitali chimene chili pamwamba pa mzinda wa Durban, choyang'ana doko ndi nyanja. Dzinali linachokera kwa mmishonale Allen Gardiner, amene anakhazikitsa mishoni pamalopa mu 1835. Madera monga Musgrave, Essenwood, Glenwood ndi Morningside ali ndi nyumba zakale zamakhonde aakulu, zomangidwa pa mapoloti okhala ndi mitengo ndi mpanda, zambiri mwa izo zokhala ndi kanyumba kakuseri kamene kale munkagona wantchito.

Ofuna nyumba za lendi sasowa. Pa chitundachi pali nthambi ya Howard College ya University of KwaZulu-Natal, m'munsi mwake muli Durban University of Technology, ndipo pali zipatala zikuluzikulu monga St Augustine's ndi Entabeni, komanso sukulu zodziwika monga Durban High School. Anamwino, aphunzitsi, ophunzira ndi ogwira ntchito padoko onse amafuna kukhala pafupi ndi malo amenewa. Wogula nyumba akaona khamu lotere amaganiza kuti lendi sidzaduka. Vuto limayamba akaika lendiyo pambali pa zimene ayenera kulipira.

Chiwongoladzanja sichidikira lendi

Ngongole zambiri za nyumba m'dziko la South Africa zimatsata chiwongoladzanja chotchedwa prime, chimene chimakwera ndi kutsika malinga ndi zimene banki yaikulu ya South African Reserve Bank yagamula. Mu 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, prime inatsika kufika pa 7 peresenti. Pofika May 2023 inali itakwera kufika pa 11.75 peresenti, ndipo inayamba kutsikanso pang'onopang'ono mu September 2024.

Pa ngongole ya R1 miliyoni yobweza kwa zaka 20, munthu amalipira pafupifupi R7,750 pa mwezi chiwongoladzanja chikakhala 7 peresenti. Chikafika pa 11.75 peresenti, ngongole yomweyo imafuna pafupifupi R10,840 pa mwezi. Kusiyana kwake ndi ndalama zopitirira R3,000 mwezi uliwonse. Lendi, mbali inayi, imakwezedwa kamodzi pa chaka, ndipo singakwere kupitirira zimene wochita lendi angakwanitse. Amene anagula nyumba mu 2020 powerengera kuti lendi idzakwanira kubweza ngongole anapezeka akupisa m'thumba mwawo zaka zitatu zisanathe.

Zimenezi zinachitikaponso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mitengo ya nyumba inkakwera mofulumira, makamaka mu 2004, ndipo anthu ambiri anagula nyumba zochititsa lendi pa ngongole. Mu June 2007 lamulo la National Credit Act linayamba kugwira ntchito ndi kukhwimitsa kabwereketsedwe ka ndalama, ndipo mu June 2008 prime inafika pa 15.5 peresenti. Amene anali ndi nyumba zingapo za ngongole anakakamizika kugulitsa pa nthawi imene ogula anali atachepa.

Kupatula banki, pali ena odya nawo lendiyo. Khonsolo ya eThekwini imatolera msonkho wa nyumba powerengera mtengo wa nyumbayo. Lendi imawerengedwa ngati gawo la ndalama zimene munthu wapeza ndipo imadulidwa msonkho. Nyumba ikagulitsidwa, phindu lake limadulidwanso msonkho umene unayamba mu October 2001, ndipo chikhululukiro chimene chimaperekedwa pa nyumba yokhalamo mwini wake sichifika pa nyumba ya lendi. Nyumba za ku Berea zilinso ndi ndalama zake zapadera. Chinyezi cha kunyanja chimadya zitsulo ndi utoto, tizilombo timaboola matabwa a denga ndi apansi, ndipo nyumba iliyonse imene yapitirira zaka 60 singasinthidwe kapena kugwetsedwa popanda chilolezo cha Amafa, bungwe losamala zinthu zakale m'chigawo cha KwaZulu-Natal.

Lamulo limateteza wokhalamo

Mwini nyumba amene wochita lendi wake wasiya kulipira sangathe kusintha loko, kudula madzi kapena kutulutsa katundu panja. Ndime 26 ya malamulo aakulu a dzikolo imaletsa kuchotsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo lamulo la 1998 lodziwika ndi dzina lakuti PIE limafotokoza ndondomeko yake. Mu 2002, pa mlandu wa Ndlovu ndi Ngcobo, khoti la apilo linagamula kuti lamuloli limatetezanso wochita lendi amene wakana kutuluka mgwirizano wake utatha. Khoti limayenera kuona ngati kuchotsa munthuyo kuli kwachilungamo, makamaka pakakhala ana, okalamba kapena olumala. Mlandu umatenga miyezi, ndipo m'miyezi yonseyo banki imafunabe zake. Mu 2020, pamene chiwongoladzanja chinali chotsika, malamulo a mliri anaimitsa kuchotsa anthu m'nyumba pa nthawi imene ambiri anali atachotsedwa ntchito.

Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limalamula kuti ndalama ya chikole isungidwe mu akaunti yobala chiwongoladzanja, ndipo linakhazikitsa mabwalo omva madandaulo a lendi m'chigawo chilichonse. Ngongole za madzi ndi magetsi nazo zimatha kugwera mwini nyumba. Mu 2004, pa mlandu wa Mkontwana, khoti loona za malamulo aakulu linavomereza kuti nyumba singasinthe umwini ngati ngongole za khonsolo za zaka ziwiri zapitazo sizinalipidwe, ngakhale amene anagwiritsa ntchito madziwo atakhala wochita lendi. Malamulo amenewa anabadwa m'dziko limene anthu mamiliyoni anasamutsidwa mokakamiza. Walira mvula walira matope.

Mtengo wa nyumba uli kunja kwa mpanda

Mbiri ya Berea imaonetsa kuti ndale zimatha kusintha mtengo wa nyumba usiku umodzi. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 amalonda achimwenye a ku Durban ankagula nyumba m'munsi mwa chitundachi. Azungu atadandaula, boma linakhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi woweruza F. N. Broome mu 1940, ndipo inapeza kuti ogula ambiri ankangofuna posungira chuma chawo, moti nyumba zambiri sankakhalamo okha. Izi sizinaletse boma kukhazikitsa lamulo la Pegging Act mu 1943, limene linaimitsa malonda a nyumba pakati pa azungu ndi amwenye mu Durban. Kenako kunabwera lamulo la Group Areas Act la 1950, limene linagawa madera potengera mtundu wa anthu. Mabanja amene anaika chuma chawo chonse m'nyumba anakakamizidwa kugulitsa ndi kusamuka. Lamuloli linathetsedwa mu 1991.

Masiku ano zimene zimasuntha mitengo ndi zina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anasamutsa maofesi awo kuchoka pakati pa mzinda kupita kumpoto, ku Umhlanga, ndipo bwalo la ndege la King Shaka litatsegulidwa mu 2010 linakokera chitukuko komweko. Zipolowe za mu July 2021 zinapha anthu opitirira 350 m'zigawo za KwaZulu-Natal ndi Gauteng, ndipo zinakumbutsa eni katundu kuti inshuwaransi wamba salipira zowonongeka pa zipolowe pokhapokha ngati munthu analembetsa ku kampani ya boma ya Sasria. Madzi osefukira a mu April 2022 anapha anthu opitirira 400 ndi kuwononga misewu, mipope ya madzi ndi ngalande za zonyansa. Zonsezi zimakhudza chidwi cha mabanja amene angathe kusankha kokhala.

Eni nyumba ena athawira kwa ophunzira, poti nyumba ya banja limodzi ikagawidwa zipinda imabweretsa ndalama zambiri. Koma kutero kumafuna chilolezo cha khonsolo, kumakulitsa ndalama zokonzera nyumba, ndipo kumaika mwini nyumba m'manja mwa wolipira mmodzi wamkulu. Mu 2023 bungwe la boma lolipirira ophunzira la NSFAS linaika malire a R45,000 pa chaka pa ndalama za malo ogona, ndipo masamu a eni nyumba ambiri anasintha nthawi yomweyo.

Ku America malonda a nyumba za lendi za banja limodzi anakula chuma chitagwa mu 2008. Kampani ya Invitation Homes, imene inakhazikitsidwa ndi Blackstone mu 2012, inafika pokhala ndi nyumba pafupifupi 80,000 m'mizinda yosiyanasiyana. Kampani yotere ikakhala ndi nyumba 100 zopanda anthu, phindu lake limangotsika pang'ono. Mphunzitsi wopuma pa ntchito amene ali ndi nyumba imodzi ku Glenwood, wochita lendi akachoka, ndalama yake yonse ya mweziwo yapita.

Amalawi akumanga kwawo

Amalawi ambiri okhala ku Durban amaiona nkhaniyi ali mbali ya ochita lendi. Amagwira ntchito zolima maluwa, zapakhomo, zosoka ndi zam'masitolo, ndipo amagona m'tinyumba takuseri kapena m'madera oyandikana nawo monga Overport ndi Sydenham. Mlendo amaloledwa kugula nyumba m'dziko la South Africa, koma amene sali wokhazikika nthawi zambiri sabwerekedwa kupitirira theka la mtengo wa nyumbayo. Ziwawa zochitira alendo za mu April 2015, pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake, ndi za mu March 2019, pamene Amalawi anathamangitsidwa ku Burnwood, zinalimbitsa maganizo akuti chuma chiyenera kukakhala kumudzi.

N'chifukwa chake penshoni ya Amalawi ambiri a ku Joni ndi nyumba ya malata ku Mangochi, ku Mzimba, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, yomangidwa pang'onopang'ono ndi ndalama zotumiza. Akukumbukiranso makolo awo a ku Theba amene anadikira zaka zambiri ndalama zawo za kumigodi. Njira yawoyi ili ndi ubwino umodzi waukulu: palibe ngongole ya kubanki. Koma zoopsa zake n'zofanana ndi za ku Berea. Lendi imalipidwa m'makwacha, ndipo kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene simenti ndi malata zinakwera mtengo. Namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Mwini nyumba amene ali kutali amadalira mbale wake kuyang'anira omanga ndi kutolera lendi, ndipo poloti yopanda mapepala imatha kubala mlandu.

Nyumba ya lendi imathandiza wokalamba pamene ngongole yake inatha iye asanapume pa ntchito, pamene pali mgwirizano wolembedwa ndi wochita lendi wofufuzidwa bwino, ndiponso pamene pali ndalama yapadera yokwanira miyezi ingapo ya nyumba yopanda munthu kapena denga lodontha. Imafunanso mwini wake akhale ndi mphamvu zoyendera nyumbayo, kukambirana ndi khonsolo ndi kupita kukhoti, zinthu zimene zimavuta munthu akafika zaka 75. Amene akutapa penshoni kapena kuleka kusonkha pofuna kulipira ngongole ya nyumba yachiwiri akusinthanitsa chuma chomwazikana m'makampani ambiri ndi chuma chimene chili pa msewu umodzi, m'manja mwa khonsolo imodzi, ndipo chikudalira malipiro a banja limodzi.