Ndowe za m'khola ziphike nsima

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'Malaŵi muno amaphikira nkhuni kapena makala. Zotsatira zake aliyense akuziona ndi maso. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, inaonongedwa ndi ootcha makala kotero kuti m'chaka cha 2015 Boma linatumizako asilikali. Koma asilikali sangalonde mtengo uliwonse. Nkhwangwa idzapuma pokhapokha amayi atapeza moto wina wophikira.

Moto umenewo uli m'khola. Ndowe zikasungunulidwa ndi madzi, ndowa imodzi ya ndowe ku ndowa imodzi ya madzi, n'kuthiridwa m'thanki ya njerwa ndi simenti yomangidwa pansi ndi yotsekedwa bwino kuti mphepo isaloŵemo, tizilombo tosaoneka ndi maso timaziwoletsa. Powola zimatulutsa gasi amene amayenda m'paipi kukafika kukhitchini, ndipo amayaka moto wopanda utsi.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Dziko la India linakhazikitsa ntchito yomanga matanki otere m'midzi m'chaka cha 1981, ndipo ku Arusha, m'dziko la Tanzania, bungwe la CAMARTEC linayamba kuwamanga m'zaka za m'ma 1980.

Ena adzati mlimi wa kumudzi alibe ng'ombe zokwanira. Dandaulo limeneli n'lomveka. Pamafunika makilogalamu 25 a ndowe za ng'ombe kuti papezeke malita 1,000 a gasi, amene amaphikira maola aŵiri kapena atatu, ndipo ng'ombe zimene zimakadya kudambo tsiku lonse zimasiya ndowe zochepa m'khola.

Yankho lake ndilo kusakaniza. Ndowe za ng'ombe ndizo maziko, pakuti zimabwera ndi tizilombo tija kuchokera m'mimba mwa ng'ombe, koma pa zokha zimapereka gasi wochepa. Ndowe za nkhumba ndi zitosi za nkhuku zimapereka gasi wambiri, koma zitosi zikachulukitsa mphamvu yake imafooketsa tizilombo ndipo gasi amaleka kutuluka. Choncho za ng'ombe zichuluke, za nkhumba zitsatire, zitosi zikhale zochepa. Ndowe za mbuzi, popeza n'zouma ndipo zimayandama, ziyambe zaphwanyidwa ndi kuviikidwa m'madzi.

Alimi ayenera kudziŵa kuti thanki ili ngati chiŵeto: imafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Mchenga, miyala, madzi a sopo ndi mankhwala ophera nkhupakupa zisaloŵemo. Tizilombo timagwira bwino ntchito pamalo otentha, motero alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumenenso kuli ng'ombe zambiri, ali ndi mwayi waukulu. A ku Dedza asadabwe gasi akachepa m'miyezi yozizira ya June ndi July.

Aliponso amene akuopa kuti munda udzasoŵa manyowa. Ameneŵa akhazike mtima pansi. Phala limene limatuluka m'thanki pakatha mwezi umodzi kapena iŵiri ndi manyowa okhwima, osanunkha kwambiri, ndipo chakudya cha mbeu chimakhala chidakali momwemo. Ndowe zomwezo zimaphika nsima lero n'kukadyetsa chimanga m'dzinja.

Kumanga thanki kumafuna ndalama ndiponso mmisiri wodziŵa ntchito yake, chifukwa thanki yokhala ndi ming'alu imataya gasi yense. Banja limodzi likhoza kulephera, koma akulu akale anati mutu umodzi susenza denga. Mabanja oyandikana, wina wa ng'ombe, wina wa nkhumba, wina wa nkhuku, asonkhe ndowe, njerwa ndi ndalama. Mafumu, alangizi a zaulimi ndi makalabu a alimi atsogolere ntchito imeneyi. Sukulu zogonera ndi mafamu, kumene ziŵeto zili kale pamodzi, ziyambe ndizo kuti anthu akaone ndi kuphunzira.